Mndandanda wa mayiko kumapeto kwa chikalata

Mu Epulo 2014 kampani ya ViiV Healthcare inasainirana mgwirizano ndi bungwe la Medicines Patent Pool la ku Geneva, wolola makampani ena kupanga dolutegravir. Apo n'kuti mankhwala a HIV amenewa asanathe n'chaka chomwe chivomerezedwere ku America. Mapangano ambiri otere amakhala achinsinsi, koma bungweli limaika ake poyera, choncho wofuna ntchito yokambirana zilolezo za mankhwala ali ndi pophunzirira.

Ndime yopereka chilolezo ndi yaifupi. Umwini utsala m'manja mwa ViiV, bungwelo likhoza kupatsa chilolezo makampani angapo, ndipo palibe kampani imene ingatsekereze inzake. Mfundo yomalizayi ndiyo imagwetsa mtengo, chifukwa opanga akachuluka amapikisana. Ndime ya ubwino wa mankhwala ilibe chachilendo, imangofuna kuti avomerezedwe ndi WHO kapena bungwe lina lokhwimitsa malamulo.

Mphamvu yeniyeni ya chikalatachi ili kumapeto, kumene woŵerenga amafika atatopa. Kumeneko kuli mndandanda wa mayiko ololedwa kugulitsidwa mankhwalawo. Mayiko onse a kumwera kwa Sahara ndi ena osauka kwambiri alimo, ndipo wopanga salipira mwini kalikonse pa zimene wagulitsa kumeneko. Mayiko ena opezako bwino, monga India, alimonso koma molipira. Brazil, China ndi Russia mulibe. Chikalata sichifotokoza chifukwa, komabe sichivuta kuona: kumeneko kuli misika imene ViiV ikufuna kugulitsako yokha. Dzina lililonse pamndandandapo linachita kulimbiranidwa. Mbali ina imaŵerengera odwala amene afikiridwe, ina ndalama zimene zitayike, ndipo wogwira ntchitoyi ayenera kudziŵa masamu onse aŵiri, kuwonjezera pa malamulo a patenti (umwini wa chinthu chimene watulukira) a dziko lililonse.

Pali kandime kena kosaonekera msanga, kamene ine ndimakaona kuti ndi kanzeru kuposa zonse. Kamalola wopanga kugulitsa kunja kwa mndandanda ngati sakuphwanya patenti m'dzikolo, kapena ngati boma lakumeneko lalamula lokha kuti mankhwalawo apangidwe kapena aitanitsidwe popanda chilolezo cha mwini. Ndiye kuti mpanda ulipo, koma wolemba anasiya dala chipata.

ViiV nayo inabadwa m'mapangano ngati omwewa. Makampani a GSK ndi Pfizer anaikhazikitsa mu 2009, ndipo Shionogi ya ku Japan, imene inatulukira nawo dolutegravir, inalandira magawo 10 pa 100 alionse a kampaniyo mu 2012.

Pofika mu Seputembala 2017, mtengo wa piritsi limodzi lophatikiza tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir unalengezedwa kuti ukhala pafupifupi madola 75 munthu mmodzi pachaka. Malawi inayamba kusamutsira odwala ku mankhwalawa, amene kuchipatala amangoti 13A, mu 2019. Azerbaijan, Belarus, Kazakhstan ndi Malaysia, amene anatsala kunja kwa mndandanda uja, anadikira mpaka 2020 kuti alemberedwe chikalata chawochawo, cholipira.