Ngolo ya a Ingalls inaima pamalo a eni

Buku la Little House on the Prairie ndinaligula pamsika wa Chisokone kuno ku Kitwe, pamulu wa mabuku akale oyalidwa pansi. Ndinkafuna buku la Chingerezi chosavuta loti ana a giredi 8 amene ndimaphunzitsa aziwerenga Lachisanu masana. Ndaliwerenga kawiri tsopano, ndipo funso loti ndiwapatse kapena ayi landisowetsa tulo.

Mlembi wake, Laura Ingalls Wilder, anabadwa mu 1867 ku Wisconsin m'dziko la America, ndipo bukuli linatuluka mu 1935. Likusimba za banja lake lomwe: bambo Charles, mayi Caroline ndi ana awo aakazi atatu. Iwo anapakira katundu m'ngolo yokutidwa ndi chinsalu, yokokedwa ndi mahatchi awiri, nalowera chakumadzulo mpaka ku Kansas, pafupi ndi tawuni ya Independence. Kumeneko anamanga kanyumba kamitengo pakati pa dambo lalikulu la udzu wokhawokha.

Ndiyambe ndi zimene ndinakonda. Wilder amadziwa kulemba za ntchito yamanja. Bambo akamapanga chitseko popanda msomali ndi umodzi womwe, amafotokoza mwatsatanetsatane moti mmisiri wa matabwa angathe kutsatira. Pokumba chitsime, bamboyo amayamba watsitsa kandulo yoyaka m'dzenjemo kuti aone ngati mpweya uli bwino. Tsiku lina mnansi wawo, a Scott, akunyozera mwambowu ndipo akukomoka pansipo. Mwana wakumigodi safunika kumufotokozera za mpweya woipa wa pansi panthaka. Banja lonse litagwa ndi malungo, mayi wina akuti vuto ndi mavwende, ndipo wowachiritsa ndi dokotala wachikuda, Dr. Tan, ndi mankhwala ake owawa. Ana anga, amene amagona m'neti, adzaseka za mavwendewo, koma malungowo adzawamva m'mafupa mwawo.

Vuto lili pamalo pamene ngoloyo inaima. Dambolo linali la anthu a mtundu wa Osage, ndipo a Ingalls anamanga asanapemphe kwa aliyense. Bukuli silibisa zimenezi. Njira yakale ya Aosage ikudutsa pafupi ndi khomo lawo, ndipo Laura yekha akufunsa bambo ake ngati eni malowo sadzakwiya. Bambo akuyankha kuti boma lidzawasamutsira kumadzulo, kenako akumuuza agone. Bukunso likugona pomwepo. Aosage timawaona akulowa m'nyumba, akutenga fodya ndi chakudya, timamva ng'oma zawo usiku, koma maganizo awo sitiwamva. Pamene akusamuka mu mzere wautali, Laura akulira kuti amutengere khanda limodzi la mayi wachiosage, ngati kuti ndi chidole chapamsika. Pomaliza banjali nalo likuchoka litamva kuti asilikali adzathamangitsa azungu okhala pamalopo, ndipo chisoni chimene mlembi watikonzera ndi cha dimba ndi kanyumba kosiyidwa. Akulu amati mlendo ndi mame. A Ingalls anakamukadi msanga, koma Aosage, potsatira lamulo la mu 1870, anasamutsidwira kudera lomwe lero ndi Oklahoma, ndipo dambolo linatsalira alendo ena.

Wina anganene kuti ndi maso a mwana, tisamuweruze. Koma pamene zinkachitika izi, cha mu 1870, Laura anali ndi zaka zitatu zokha. Zimene tikuwerenga ndi nkhani ya banja, yolembedwa ndi mayi wazaka zoposa 60 ndi kukonzedwa ndi mwana wake Rose Wilder Lane, amenenso anali mlembi. Akuluakulu awiriwa ndiwo anasankha woti alankhule ndi woti akhale chete. Ku America komweko nkhaniyi inavuta kale. Mu 1953 osindikiza anasintha chiganizo china chimene chinkamveka ngati eni dzikowo sawerengedwa m'gulu la anthu, ndipo mu 2018 bungwe la oyang'anira malaibulale a ana linachotsa dzina la Wilder pamphotho imene inkadziwika ndi dzina lake.

Ndikanatha kulitseka bukuli pamenepo, n'kunena kuti ndi mlandu wa azungu. Chinandiletsa ndi nkhani yakwathu. Agogo anga aamuna anachoka ku Katete ali mnyamata, nawonso kulowera kumadzulo, kudzafuna ntchito pamgodi wa Nkana. M'banja mwathu timaisimba nkhaniyi monyadira: njala ya panjira, kanyumba ka m'komboni, malipiro oyamba. Ndipo timaiyamba monga a Wilder, kuti kuno kunali tchire lokhalokha. Ine ndemwe ndanenapo mawu amenewa kutsogolo kwa kalasi.

Komatu tchirelo linali ndi eni ake, Alamba. Pamene John Edward Stephenson, wotchedwa Chirupula, ankakhazikitsa boma ku Ndola mu 1904, anapeza midzi ndi mafumu. Dzina loti Nkana ndi la mfumu ya Alamba, ndipo linalipo tawuni ya Kitwe isanakhazikitsidwe mu 1936. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, boma la atsamunda linapatula malo otchedwa marizevu, ndipo Alamba ambiri anachotsedwa m'mbali mwa njanji ndi pafupi ndi migodi. Agogo anga sanalande malo a munthu. Anabwera ndi khasu la mzungu m'manja ndi msonkho pakhosi. Mu 1935, chaka chomwe bukuli linkatuluka, antchito akumigodi ananyanyala ntchito chifukwa cha msonkhowo, ndipo asanu ndi mmodzi anaphedwa ku Luanshya. Sindikuwafanizira ndi Charles Ingalls. Chofanana ndi kasimbidwe kathu ife adzukulu: wofika amayamba mbiri pa tsiku limene iye anafika. Mpaka lero m'tawuni muno mumamveka nthabwala zonyoza Alamba, ndipo ena mwa ana amene amazimva amakhala pamabenchi a kalasi langa.

Choncho bukuli ndiwapatsa. Ndi lolembedwa mwaluso, ndipo luso lakelo ndi limene limachititsa kuti owerenga aiwale kufunsa kuti malowo ndi a yani. Ndi bwino aphunzire kufunsa ndili nawo pafupi. Tikafika pamutu wa Aosage akusamuka, aliyense adzaulembanso m'mawu a mayi amene wabereka khanda lija. Kenako adzapita kunyumba ndi mafunso awiri kwa makolo awo: banja lathu linafika liti ku Kopala, ndipo linapeza yani? Funso lachiwirilo ine sindinawafunse agogo anga, ndipo tsopano anagona kumanda a ku Chingola Road.