Kodi Kampani Ili ndi Chikumbumtima?

Masiku ano mlimi wa fodya wa ku Chiosya, m'boma la Mchinji, akamachita mgwirizano ndi kampani yogula fodya, salandira mbewu ndi feteleza zokha ayi. Amalandiranso malamulo: mwana asagwire ntchito yoopsa m'munda kapena m'chigafa, wantchito alipidwe, wopopera mankhwala avale zodzitetezera. Mlangizi wa kampani amafika pa njinga yamoto, nalemba zimene waona. Makolo athu amene adakhala matenanti m'maesiteti a ku Mchinji ndi Kasungu sadazione zimenezi. Tsono tiyenera kudzifunsa: kodi makampani atembenuka mtima, kapena angophunzira kuopa?

Kale khalidwe la kampani linali khalidwe la mwini wake. Akakhala wouma mtima, antchito ankangolirira m'mimba. Zinthu zidayamba kusintha pamene maboma adaloŵererapo. M'chaka cha 1977 dziko la America lidakhazikitsa lamulo loletsa makampani ake kupereka ziphuphu kwa akuluakulu a maboma akunja. Lamuloli lidatikhudza ife tomwe: mu 2010 bungwe loyang'anira misika ya makampani ku America lidanena kuti kampani ya Universal, kholo la Limbe Leaf, idapereka madola 850,000 kwa akuluakulu ena a boma la Malaŵi m'zaka za 2002 ndi 2003. Kampaniyo idalipira ndalama zothetsera mlandu, nivomera kuti munthu wapadera aziiyang'anira. Milandu yotere ndiyo idakulitsa ofesi yatsopano m'makampani, imene ntchito yake si kugula kapena kugulitsa, koma kuona kuti malamulo akutsatidwa.

Nkhani ya ana idayenda njira yomweyo. Lamulo lathu la za ntchito la mu 2000 lidaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, koma ana adapitirira kuthyola ndi kusoka fodya. Mu 2009 bungwe la Plan lidaulula kuti mwana wogwira fodya wonyowa angathe kuloŵedwa m'khungu ndi chikonga chofanana ndi cha ndudu 50 pa tsiku. Mu 2011 kampani ya Philip Morris International idalemba malamulo a kagwiridwe ka ntchito m'minda yonse imene imagulako fodya. Koma chimene chidagwedeza msika ndi cha pa 1 Novembala 2019, pamene America idalamula kuti fodya wa ku Malaŵi aziimitsidwa pa madoko ake chifukwa cha ntchito yokakamiza ndi ya ana. Makampani a Alliance One ndi Limbe Leaf adatsegulidwanso njira mu 2020 atasonyeza mmene amayenderera alimi awo. M'chaka chomwecho matenanti zikwi zingapo ndi ana awo adasumira makampani a British American Tobacco ndi Imperial ku bwalo lalikulu la ku London, ngakhale makampaniwo adaukana mlandu. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idathetsa utenanti.

Tisakane, pali zabwino zimene zatulukamo. Mwana amene wabwerera kusukulu sasamala ngati chidamubwezera ndi chifundo kapena mantha a bwana. Lamulo lolembedwa limapatsa wosauka pogwira akafuna kudandaula.

Komabe pali zinthu ziŵiri zotidetsa nkhaŵa. Choyamba, tikayang'ana zakazi tiona kuti kaŵirikaŵiri kusintha kwakukulu kudadza pambuyo pa manyazi, mlandu kapena kutsekedwa kwa msika. Ofesi yobadwa ndi mantha imateteza kampani poyamba, mwana pambuyo. Funso lake ndi lakuti, kodi tili ndi pepala lotitchinjiriza? Funso la chikumbumtima ndi lina: kodi mwana uja wadya, ndipo ali m'kalasi? Njinga ya mlangizi imamveka ikali patali. Mwana angathe kutuluka m'chigafa, pepala nkudzazidwa bwinobwino, dzuŵa lisanaloŵe iye nkubwerera ku singano yake.

Chachiŵiri ndi mtengo. Fodya wa bale amadya manja ambiri, kuyambira ku nazale mpaka kumanga mabelo. Kholo silituma mwana kumunda chifukwa chosadziŵa lamulo, koma chifukwa ndalama za waganyu wamkulu palibe. Kampani ikalamula mlimi kuchotsa ana, koma mtengo wa ku Kanengo nkukhala wosakwanira kulipira amene aloŵe m'malo mwawo, ndiye kuti yasamba m'manja, katundu wa chilungamo nkumsenzetsa wofooka koposa onse. Khalidwe loona la kampani sitiliŵerenga m'kabuku ka malamulo ake. Timaliŵerenga pa sikelo, pa giredi ndi pa zimene zatsalira mlimi ngongole ikadulidwa.

Mlanduwu sukutisiya ife kunja. Ambiri a ife tili ndi minda, ndipo timalemba aganyu. Amene timachotsa mwana wathu m'chigafa kuti aphunzire, koma nkuikamo wa mnansi wosauka, tachita zomwezo zimene tikudzudzula. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tiwafunse makampani mtengo wolungama, tiwauze alangizi zoona ngakhale zitipweteke, ndipo nyengo yothyola ikafika tiŵerenge ana amene akusoŵa m'kalasi. Chiŵerengero chimenecho, osati cha m'mapepala, ndicho chidzatiuza ngati zinthu zasinthadi.