Chingwe cha Méduse

Mumzinda wa Paris, m'nyumba yosungiramo zojambula ya Louvre, muli chithunzi chachikulu cha mamita pafupifupi 5 mumsinkhu ndi 7 m'litali. Anachijambula ndi utoto Théodore Géricault, ndipo anthu anayamba kuchiona m'chaka cha 1819. Chimaonetsa anthu pakati pa nyanja, ali pa phaka, ndiye kuti mitengo ndi matabwa omangidwa pamodzi. Tisanachiyese, tiyeni timve nkhani imene inachibala.

M'chaka cha 1816 boma la France linatuma chombo cha matanga chotchedwa Méduse kupita ku Saint-Louis, ku Senegal, chitanyamula anthu pafupifupi 400. Mkulu wa chombocho, Hugues Duroy de Chaumareys, anali atakhala zaka zoposa 20 osayendetsa chombo. Udindowo anaulandira chifukwa anali wokhulupirika kwa mfumu. Pa 2 Julaye chombo chinatitimira mumchenga kufupi ndi gombe la Mauritania. Mabwato opulumukira anali ochepa. Mkulu wa chombo, bwanamkubwa ndi ena anakwera mabwatowo, ndipo anthu pafupifupi 147 anawaika pa phaka, nawalonjeza kuti adzawakoka ndi chingwe mpaka kumtunda. Asanapite patali, a m'mabwato anataya chingwe chija.

Phaka linayandama masiku 13. Anthu anamenyana usiku, ena anakokoloka ndi mafunde, ofooka anaponyedwa m'madzi, ndipo otsala anafika podya mitembo ya anzao. Pamene chombo china, Argus, chinawapeza pa 17 Julaye, amoyo anali 15 okha, ndipo asanu mwa iwo anamwalira pasanapite nthawi.

Géricault sanajambule mongoganizira. Anacheza ndi awiri mwa opulumukawo, Corréard ndi Savigny, ndipo ankapita kuchipatala kukayang'anitsitsa odwala ndi mitembo. Pa zoopsa zonse zija iye anasankha mphindi imodzi: pamene Argus yaonekera kutali, kadontho chabe kumalekezero a madzi. Kutsogolo kwa chithunzi kwagona akufa, ndipo nkhalamba ina yagwira mtembo wa mnyamata, yafulatira chipulumutso, dzanja lili patsaya. Kuchokera pamenepo matupi akukwera, wina kutsamira mnzake, mpaka pamwamba pamene munthu wakuda akukupiza nsalu kuitana chombo. Koma mphepo yadzaza thanga ndi kukankhira phaka kumbali ina, kumene funde lalikulu likudza. Apa ndi pamene tikuona nzeru za mmisiriyu: chiyembekezo sanachijambule ngati chinthu chogwira kale m'manja. Tiyamikirenso kulimba mtima kwake poika mwana wa Afirika pamwamba pa onse, pa nthawi imene ukapolo unali usanathe m'maiko olamulidwa ndi France, pakuti unathetsedwa mu 1848.

Komabe chithunzichi chili ndi pobisala pake. Anthu amene akhala masiku 13 padzuwa, opanda chakudya chokwanira, sakhala ndi matupi amphamvu ndi osalala monga awa. Mmisiri amene anaona mitembo ndi maso ake anaveka masautso chovala chokongola, ndipo wopenya angathe kuchoka akutama luso, mtima wake osalasidwa. Chachiwiri nchachikulu koposa: mabwato aja mulibe m'chithunzimu. Tikuona funde ndi mphepo, koma dzanja limene linataya chingwe sitikuliona. Anthu a ku Paris a 1819 ankaidziwa nkhaniyi, ndipo ankadziwa kuti mkulu wa chombo analamulidwa kukhala m'ndende zaka zitatu zokha. Ife obwera pambuyo, tikapanda kuuzidwa, tingaimbe mlandu nyanja pamene olakwa anali anthu.

Nchifukwa chake nkoyenera kuika chithunzichi pambali pa mutu 27 wa Ntchito za Atumwi. M'menemonso muli chombo cha matanga, namondwe wa masiku 14, ndi amalinyero ofuna kuthawa okha pa bwato laling'ono. Paulo Woyera anachenjeza asilikali kuti amalinyerowo akachoka, otsalawo sapulumuka, ndipo asilikali anadula zingwe za bwatolo nalisiya lipite lopanda munthu. Pambuyo pake Paulo anatenga buledi, nathokoza Mulungu pamaso pa onse, nayamba kudya, ndipo onse analimba mtima nadya. Chombo chinasweka ndithu pa chilumba cha Malta, koma anthu onse 276 anafika kumtunda, ena posambira, ena atagwira matabwa. Pa Méduse chingwe chinatayidwa kuti ochepa apulumuke, ndipo ambiri anafa. Pa chombo cha Paulo zingwe zinadulidwa kuti pasakhale wopulumuka yekha, ndipo palibe anatayika.

Phunziro limeneli likutikhudza m'mabanja, m'malimana ndi m'parishi. Tikamapereka udindo kwa munthu chifukwa cha chibale kapena chibwenzi, pamene luso alibe, taika Chaumareys pachiwongolero. Tikamauza mkazi wamasiye, mwana wamasiye kapena wodwala kuti tili naye limodzi, kenaka nkuleka kumuyendera katundu akalemera, tataya chingwe, ngakhale titanena kuti ndi mavuto a dziko amene amumiza. Makolo athu anati mlandu suola. Mlandu wa Méduse watha zaka zoposa 200 ukali pakhoma la Louvre.

Géricault anamwalira mu 1824 ali ndi zaka 32 zokha. Anatisiyira nkhope za otayidwa, ndipo pa ichi tiyenera kumthokoza. Nkhope za amene anawataya anazisiya kunja kwa chithunzi, kumbali imene timaima ife openya.