Manja Ophunzitsa Miyendo Kuyenda

Kwathu ku Chambe, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, njira ndi zamiyala ndi zitunda. Munthu wodwala ataxia akamadzandira m'njira zotere, anthu amafulumira kunena kuti wamwa kachasu. Chonsecho nthawi zambiri vuto limakhala mu kachigawo ka kumbuyo kwa ubongo, kamene kamagwirizanitsa miyendo, manja ndi maso. Mitundu ina ya nthendayi ndi yakumtundu, monga umene anaufotokoza Nikolaus Friedreich wa ku Germany m'chaka cha 1863.

Ndikufuna kuyamikira anthu a mafizo. Ntchito yawo ilibe phokoso. Amamukhazika wodwala pampando, amamuimiritsa, amamukhazikanso, kakhumi kapena kupitirira. Amajambula mapazi pansi ndi choko kuti aponde momwemo akuyang'ana, maso athandize pamene ubongo ukulephera. Njira imeneyi anaiyambitsa dokotala Heinrich Frenkel. Kuchiza sachiza, ndipo wa mafizo wodziwa ntchito yake sanamiza wodwala. Amangofuna kuti munthuyo asagwegwe, afike yekha kuchimbudzi, anyamule kapu ya tiyi osataya.

Ku Blantyre kuli Kachere Rehabilitation Centre, koma kuchokera kuno ndi ulendo wodya ndalama. N'chifukwa chake chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi nzeru ya anthu a mafizo yophunzitsa achibale. Nsungwi ziwiri zomangidwa pa mitengo yozika pabwalo zimasanduka pogwirira, ndipo mwana wa pakhomopo amawerengera agogo ake mapazi m'mawa, dzuwa lisanatuluke kuseri kwa phiri.