Ulalo wa pa kanema ndi ulalo wa kwathu

Loweruka lapitali ndinatsika minibasi pa Kampepuza ndi cholinga chokazonda azakhali anga amene miyendo yayamba kuwakana. Mvula itandipezerera pamsika, ndinakabisala m'kanyumba kena koonetseramo vidiyo. Ndimayesa ndipezamo filimu ya karate monga mwa masiku onse, koma ayi. Pa kanemapo panali anthu akuthamanga pa matabwa ndi pa migolo, kulendewera pa zingwe, ambiri n'kumagwera m'madzi kuti khuvu! M'nyumbamo munali chiphokoso ngati ku bwalo la mpira. Mnyamata woonetsayo anandiuza kuti ana a kumeneko masewerawa amangowatchula kuti za maninja.

Ndinakhalamo maola awiri, mpaka mvula inakata ine osadziwa. Tsono musati ndikulemba ngati munthu amene sanasangalale. Ndinasangalala ndithu. Koma pali kanthu kandikhala pamtima, ndipo ndati ndikambe nanu, awerengi.

Mnyamatayo anasakaniza mapulogalamu atatu, ndipo ndi bwino tiwasiyanitse poti si amodzi. Yakale kwambiri ndi Takeshi's Castle, yomwe wailesi ya kanema ya TBS ku Japan inkaonetsa kuyambira mu 1986 mpaka 1990. Imeneyi ndi yanthabwala basi. Yachiwiri ndi Sasuke, ya ku Japan komweko, yomwe inayamba mu 1997: anthu 100 amayesa mwayi pa zigawo zinayi, ndipo zaka zambiri palibe ndi mmodzi yemwe amene amafika kumapeto. Yachitatu ndi American Ninja Warrior, imene Amereka anatengera kwa Ajapani mu 2009. Ife kuno zonsezi zinatifika mochedwa, poti paja wailesi ya kanema ya dziko lino inatsegulidwa mu 1999.

M'mapulogalamu onsewa muli malo amodzi amene ine ndinawakonda koposa. Ndi pamene munthu sakwera kapena kulendewera, koma angoyenera kuwoloka pa kanthu kosakhazikika osagwira paliponse. Pena chimakhala chipika chogudubuzika, pena matabwa opendekeka ukangowaponda, pena miyala yodumphapo imene ina ili yolimba ina yomira. Mu Takeshi's Castle muli mlatho wogwedera umene munthu amawoloka atanyamula mpira, kwinaku ena akumugenda ndi mipira yochokera m'mizinga. Ku Amereka, m'mipikisano yoyambirira, malo oterewa kawirikawiri amakhala achitatu mwa asanu ndi amodzi.

Ndinawakonda chifukwa ndi okhawo osakondera. Kwina konse amapambana ndi wa manja olimba, amene wakhala miyezi akunyamula zitsulo. Koma pa chipika chogudubuzika, chifuwa ngati cha ng'ombe ya ngolo sichithandiza kanthu. Ndinaona chimphona china chitauluka bwinobwino poyamba, koma chitangoponda chipikacho kawiri, miyendo m'mwamba. Pambuyo pake kanabwera kamtsikana koonda n'kudutsa ngati kakuyenda pakhonde pa amake. Apa m'pamene sewero limanena zoona za munthu: kodi mtima wake ndi wodekha kapena ayi? Mantha ungawabise pankhope, koma mapazi amaulula.

Chimene chinandinyansa ndi kajambulidwe ndi kakambidwe kake. Pulogalamu ya ku Amereka siikhulupirira woonera. Munthu asanaponde n'komwe, atisonyeza kaye mkazi wake akulira, galu wake, matenda amene anadwalapo. Akayamba kuwoloka, olengeza awiri akukuwa ngati nyumba yapsa, kamera ikudumphira ku gulu la ochemerera, ndipo mapazi, amene ali nkhani yeniyeni, sitikuwaona bwino. Luso lotere limafuna bata. Woimba ng'oma wabwino amadziwa pamene ayenera kuleka kuti phazi la wovina limveke. Awa sadziwa zimenezo.

Sasuke ndiyo ili ndi ulemu. Imakuuza ntchito ya munthu, n'kumusiya ayese. Woyamba kumaliza zigawo zonse, Kazuhiko Akiyama mu 1999, anali msodzi wa nkhanu. Wachiwiri, Makoto Nagano mu 2006, analinso msodzi. Inetu sindidabwa. Munthu amene wakhala moyo wake ataimirira m'bwato pa mafunde, thupi lake linaphunzira kale zimene ena akuphunzira m'nyumba zolimbitsira thupi. Apa pulogalamuyi imavomereza kuti ntchito ya manja ndi sukulunso. Takeshi's Castle yokha ndiyo imangofuna ugwe kuti anthu aseke, n'kubwereza kugwako katatu pang'onopang'ono.

Ndipo tinasekadi. Inenso ndinaseka mpaka misozi. Koma kuseka kuli mkati, bambo wina wachikulire amene anakhala pambali panga atagwira ambulera yake anafunsa mokweza kuti, "Kodi iwe mwana, akawoloka ameneyu akukatenga chiyani kutsidyako?" Mnyamata uja anati, "Akukadina batani, agogo." Bamboyo anangoti, "Oho, batani eti," n'kukhala chete. Palibe wolemba ndemanga amene akanaposa pamenepo.

Kwathu, kumene kamtsinje kena kamatsika m'mapiri kukathira mu Rivirivi, tinali ndi ulalo wa mtengo umodzi wa bulugamu. Kutsidya kwake kunali sukulu, chigayo ndi njira ya ku chipatala. M'chilimwe tinkangodutsa pamchenga, koma Januwale akafika, madzi ofiira ali thothotho, panalibe kuchitira mwina. Ndili mu Sitandade 5 ndinaterereka pa ulalo umenewo. Anandivuula ndi anyamata oweta ng'ombe, koma makope anga onse anapita, ndipo ndinatha sabata ziwiri ndikukana kupita ku sukulu.

Amene anandichiritsa mantha ndi azakhali omwewa. Anandiimika pa gombe n'kunena kuti, "Mwana wa achimwene, vuto lako ukuyang'ana madzi. Madzi ndi abodza, amakuuza kuti mtengo ukuyenda. Yang'ana chitsa chili kutsidyacho, mapazi adziwa okha." Atatero anatsogola, thumba la chimanga lili pa nkhata, manja ali m'mbali, osagwedezeka ngakhale pang'ono.

Nditakula ndinadzawerenga kuti azakhali sanalakwe. Kuti munthu asagwe, ubongo umamvera mboni zitatu: maso, timadzi ta mkatikati mwa khutu, ndi mmene mapazi ndi mfundo za thupi zikumvera. Maso akaona madzi akuthamanga, amapereka umboni wabodza, thupi n'kuyamba kupendekera kukonza vuto limene palibe. N'chifukwa chake ndinkayang'anitsitsa nkhope za opikisana aja, pamene kamera yalola. Ogwa ambiri ankayang'ana pansi. Odutsa ankayang'ana kutsogolo, monga anandiphunzitsira azakhali amene sanaonepo Japan ngakhale pa mapu.

Kusiyana kulipo kumodzi. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika, ndipo pa ulalo wa kwathu mwambiwu ndi lamulo: phazi limodzi, kenako linzake. Pa chipika cha pa kanema zinthu n'zotembenuka. Wozengereza ndiye amagwa, chifukwa chipikacho chimayamba kugudubuzika iye akadali pomwepo. Amapulumuka ndi amene amadutsa mwaliwiro chisanadziwe kuti chapondedwa. Komatu liwiro lotere amalikwanitsa ndi munthu amene akudziwa kuti pansi pali dziwe loyera, losazama, ndi anthu omudikira ndi thaulo. Wolimba mtima wa pa kanema akagwa amataya mpikisano. Mayi wa kwathu akagwa amataya ufa wa mwezi wonse, mwinanso mwana amene ali kumbuyo.

Sindikunena kuti tileke kuonera. Masewerawa akula, moti pa mpikisano wa Olimpiki wa 2028 ku Los Angeles, mtundu wina wa masewera odutsa zopinga ngati awa udzalowa m'malo mwa kukwera akavalo pa masewera asanu aja otchedwa modern pentathlon. Chimene ndikudandaula n'chakuti ana athu akuchemerera mlendo pa luso limene amayi awo ali nalo kuposa iye, koma sanauzidwepo kuti ndi luso. Mtsikana wa ku Tsangano wotsika phiri loterera ndi dengu la mbatatesi pamutu, mnyamata wa kabaza wodutsa pa matabwa awiri ndi matumba a makala, wovina ngoma amene amaponda pansi mwamphamvu mwendo umodzi uli m'mwamba, chishango m'manja, osadzandira: onsewa sanajambulidwepo ngati akatswiri. Tikawaona pa kanema wathu, ndiye kuti kukubwera mlendo wolemekezeka kapena kwagwa tsoka.

Mawailesi a kanema tsopano tili nawo angapo. Kodi n'chiyani chingalepheretse imodzi kubwera pa Lizulu kapena pa Nsipe ndi mitengo iwiri, ndowa za madzi ndi mphotho ya thumba la feteleza? Ndikhulupirira anthu akhoza kusiya za maninja n'kuonera anzawo. Koma wojambulayo akatha mpikisano asathamangire kubwerera ku Blantyre. Atsale mpaka mvula, aimike kamera pa ulalo weniweni m'mawa ana akupita ku sukulu, asaikepo nyimbo kapena wolengeza. Anamondwe a Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anatikumbutsa kuti ngakhale milatho ya simenti imakokoloka, nanji mtengo wa bulugamu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nditafika kwa azakhali madzulo ndinawafotokozera zonse ndinaonazo. Anaseka, n'kufunsa ngati anthuwo amalipidwa. Nditawauza kuti mu 2015 wina ku Amereka analandira madola miliyoni imodzi, anaomba m'manja n'kuti, "Ine ndawoloka zaka makumi asanu ulele!" Kenako anandiuza kuti bulugamu uja anawola kalekale, anthu a m'mudzi anaikapo wina, ndipo adzukulu awo awiri amadutsa pomwepo tsiku lililonse. Wamng'onoyo, akuti, akadayang'anabe madzi.