Malawi pa nambala 172: kodi mndandanda wa UNDP ukunena chiyani pa zaumoyo?

Mu May 2025 nthambi ya United Nations yoona za chitukuko ya UNDP inatulutsa lipoti lake la Human Development Report, lomwe limasanja mayiko potengera mmene anthu ake akukhalira. Pa mayiko 193, dziko la Iceland linali loyamba, la South Sudan lomaliza, ndipo la Malawi linali pa nambala 172, m'gulu la mayiko amene chitukuko cha anthu chili chotsika.

Nambala yotereyi sichedwa kufalikira. Imamveka pa wailesi, imalembedwa m'makalata opemphera thandizo, ndipo nthawi zina imakathera pa namwino, mzamba kapena mlangizi wa zaumoyo ngati umboni woti ntchito yake sikuphula kanthu. Ena amaikana poganiza kuti ndi chipongwe cha anthu akunja. Onsewa amaigwiritsa ntchito asanaone mmene inapangidwira. Nkhani ino ikusanthula mndandandawu, makamaka mbali yokhudza zaumoyo, pofuna kuona pamene uli wodalirika ndi pamene ungasocheretse.

Mmene nambalayi imapezekera

Muyezo wa HDI unayamba mu 1990. Anauyambitsa ndi katswiri wa zachuma wa ku Pakistan, Mahbub ul Haq, mothandizana ndi Amartya Sen wa ku India. Cholinga chawo chinali chakuti dziko lisamayezedwe ndi ndalama zokha. Anaphatikiza zinthu zitatu. Choyamba ndi zaka zimene mwana wobadwa lero akuyembekezeka kukhala ndi moyo. Chachiwiri ndi maphunziro: zaka zimene akuluakulu a zaka 25 kapena kuposerapo anakhala pa sukulu, ndi zaka zimene mwana woyamba sukulu akuyembekezeka kuphunzira. Chachitatu ndi chuma cha dziko akachigawa kwa munthu aliyense. Zitatuzi amazisakaniza n'kupeza nambala imodzi ya pakati pa 0 ndi 1. Dziko lopeza zochepera 0.550 limaikidwa m'gulu lotsika. Mu lipoti la 2025 dziko la Malawi linapeza 0.517.

Apa pali mfundo imene anthu ambiri saiona. Pa mbali ya zaumoyo, UNDP imatenga zaka 20 ngati pansi penipeni, zaka 85 ngati pamwamba penipeni. Lipoti la 2025 likuti mwana wobadwa m'Malawi akuyembekezeka kukhala zaka pafupifupi 67. Zaka 67 zili pa mtunda wa zaka 47 kuchokera pa 20, ndipo 47 akagawidwa ndi 65 amapereka pafupifupi 0.72. Ngati zaumoyo zili pa 0.72 koma nambala yonse ili pa 0.517, ndiye kuti zimene zikukokera dziko pansi ndi maphunziro ndi chuma. Munthu amene angatenge nambala 172 n'kuloza chala achipatala ndiye kuti sanatsegule tsamba limene lili ndi ziwerengerozi.

Zimene muyezowu umachita bwino

Muyezowu uli ndi ubwino wake. Ndi wosavuta kumva, ndipo njira yowerengera ndi yoonekera kwa aliyense, moti wophunzira wa pa koleji angathe kuibwereza yekha. Umakumbutsanso atsogoleri kuti moyo wautali ndi sukulu ndi mbali ya chitukuko, monga mmene zilili misewu ndi mitengo ya fodya.

Komanso munthu akaona zaka zambiri motsatizana, nkhani imene umanena ya Malawi ndi yoona. Cha m'ma 2000, pamene Edzi inkapha anthu ambiri, mwana wobadwa m'dziko muno ankayembekezeka kukhala zaka zosakwana 50. Mankhwala a ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004. Kafukufuku wa MDHS wa 1992 anapeza kuti ana 234 mwa ana 1,000 alionse obadwa amoyo ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Wa 2015-16 anapeza 63. Kukwera kwa zaka za moyo kukuchokera pa zinthu ngati zimenezi: katemera, maneti a udzudzu, zipatala za m'midzi zimene alangizi a zaumoyo amayendetsa, ndi ma ARV.

Vuto loyamba: malo pa mndandanda amadalira mayiko ena

Nambala 172 imangonena kuti mayiko 171 ali patsogolo. Sinena ngati dziko lapita patsogolo kapena labwerera m'mbuyo. Wophunzira akhoza kukhoza bwino kuposa teremu yatha koma n'kutsika nambala chifukwa anzake akhoza kwambiri, kapena chifukwa m'kalasi mwabwera ophunzira atsopano.

Zoterezi zinachitikapo. Mu lipoti la 2021/22 dziko la Malawi linali pa 169 mwa mayiko 191. Mu lipoti la 2023/24 linali pa 172 mwa mayiko 193. Pakati pa malipoti awiriwa mndandanda unakula ndi mayiko awiri, ndipo ziwerengero za zaka za m'mbuyo zinakonzedwanso. UNDP yeniyeniyo imachenjeza kuti malo a dziko m'lipoti lina asayerekezedwe ndi a m'lipoti lina. Chenjezoli limalembedwa m'mawu ofotokozera matebulo, kumene owerenga ochepa amafikako, pamene mndandanda ndi umene umalengezedwa. Uku ndi kulakwitsa kwa olemba lipoti, chifukwa akudziwa bwino kuti atolankhani adzatola chiyani.

Vuto lachiwiri: zaka za moyo ndi zongoyerekeza

Lipoti la 2023/24 linati zaka zoyembekezeka za moyo m'Malawi ndi pafupifupi 63. Lipoti lotsatira linati 67. Palibe dziko limene lingaonjezere zaka zinayi m'chaka chimodzi popanda chozizwitsa. Chimene chinachitika n'chakuti nthambi ya United Nations yoona za chiwerengero cha anthu, kumene UNDP imatenga ziwerengerozi, inakonzanso mawerengedwe ake mu 2024.

Chiwerengerochi chimasuntha chonchi chifukwa sichichokera pa kuwerenga imfa imodziimodzi. M'mayiko ngati Iceland pafupifupi imfa iliyonse imalembedwa pamodzi ndi chimene chachititsa. M'Malawi lamulo la kalembera wa kubadwa ndi imfa linakhazikitsidwa mu 2010 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2015, koma imfa zambiri zochitikira kumudzi sizifika m'kaundula. Choncho akatswiri amatenga kalembera wa anthu, monga wa 2018 amene anapeza anthu 17.5 miliyoni, amaonjezera kafukufuku wa m'makomo monga MDHS, kenako n'kudzaza mipata ndi masamu a pa kompyuta. Njirayi ndi yovomerezeka, ndipo palibe ina yabwino kuposa imeneyi pakali pano. Cholakwika n'chakuti pa mndandanda nambala yowerengedwa ndi nambala yoyerekezedwa zimalembedwa mofanana, mpaka manambala atatu pambuyo pa kadontho, popanda kuonetsa kuti ina ikhoza kuphonya ndi zochuluka bwanji. Mayiko oyandikana ndi Malawi pa mndandanda amasiyana ndi tizigawo tochepa kwambiri, moti kusintha pang'ono kwa mawerengedwe kungawasinthanitse malo.

Vuto lachitatu: nambala imodzi ya dziko lonse imabisa zambiri

HDI imatenga mwana wa ku Area 47 ku Lilongwe ndi mwana wa m'mbali mwa mtsinje wa Shire ku Nsanje n'kuwapanga munthu mmodzi. Pomwe MDHS ya 2015-16 inapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, inaonetsanso kuti kumudzi anali 39 pa 100, m'tauni 25 pa 100. UNDP ili ndi muyezo wina umene umachotserako malinga ndi kusiyana kwa anthu m'dziko, koma suli pa mndandanda umene umatchuka.

Muyezowu suonanso ubwino wa chithandizo. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti ana 91 pa 100 alionse amabadwira kuchipatala, koma imfa za makanda osakwana mwezi zinali 27 pa 1,000, chiwerengero chofanana ndi cha MDHS ya 2004. Amayi anamvera uphungu n'kupita kuchipatala, koma makanda sanapindule monga zinkayembekezeka. Funso limeneli ndi limene liyenera kusowetsa mtendere oyendetsa zaumoyo, ndipo nambala 172 siliyankha ngakhale pang'ono.

Mliri wa kolera umene unayamba mu March 2022 ku Machinga unagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, ndipo unali woopsa kuposa ina yonse imene inalembedwapo m'dziko muno. Pa anthu pafupifupi 20 miliyoni, imfa zimenezi sizisuntha kwenikweni zaka zoyembekezeka za moyo. Mliriwo unaulula mavuto a madzi ndi zimbudzi, koma pa mndandanda suoneka.

Zopambana nazonso sizioneka. Mu 2011 dziko la Malawi linali loyamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV, njira yotchedwa Option B+, imene mayiko ena anatengera pambuyo pake. Kafukufuku wa MPHIA wa 2020-21 anapeza kuti akuluakulu 88 pa 100 amene ali ndi HIV ankadziwa mmene m'thupi mwawo mulili, 98 pa 100 mwa odziwawo ankamwa mankhwala, ndipo 97 pa 100 mwa omwa mankhwalawo tizilombo tinali titachepa kwambiri m'magazi. Mu 2022 bungwe la WHO linatsimikiza kuti matenda a maso a trachoma asiya kukhala vuto lalikulu la zaumoyo m'dziko muno. Agogo amene apulumuka ku khungu saonjezera kanthu pa HDI, chifukwa muyezowu umawerenga kutalika kwa moyo basi.

Vuto lachinayi: lipoti limabwera mochedwa

Lipoti la 2025 likunena za chaka cha 2023. Linatuluka patangopita miyezi yochepa boma la United States litaimitsa thandizo lake la kunja mu January 2025. M'dziko limene gawo lalikulu la ndalama za zaumoyo, makamaka za HIV, limachokera kwa opereka thandizo, kusintha kumeneku kunakhudza zipatala nthawi yomweyo. Ngati kudzabweretse imfa zoonjezera, HDI idzaonetsa patapita zaka, kafukufuku wina wa m'makomo atachitika ndiponso masamu atakonzedwa. Kaundula wa pa kiliniki ya ma ARV angaonetse m'miyezi itatu yokha kuti anthu angati sanabwere kudzatenga mankhwala.

Phunziro la chaka cha 2000

Kusanja mayiko pa zaumoyo kunayesedwapo. Mu 2000 bungwe la WHO linasanja ntchito za zaumoyo za mayiko 191. France inali yoyamba, United States ya nambala 37, Zambia 182, Mozambique 184, Malawi 185. Akatswiri ambiri anadzudzula lipotilo chifukwa ziwerengero za mayiko ochuluka zinali zongoyerekeza, ndipo WHO sinabwerezenso mndandanda wotere. Patapita zaka zosakwana 15, dziko limene linali pa 185 linali limodzi mwa mayiko ochepa a mu Africa amene anakwanitsa cholinga chochepetsa imfa za ana ndi magawo awiri mwa atatu chaka cha 2015 chisanafike. Mndandanda uja sunathe kulosera zimenezi.

Tanthauzo lake kwa ogwira ntchito zaumoyo

Lipoti la UNDP ndi lothandiza poonetsa kumene dziko lachokera pa zaka 20 kapena 30, ndiponso pokumbutsa kuti umphawi ndi kusiya sukulu msanga ndi zimene zikubweza Malawi m'mbuyo kwambiri. Izi nazonso ndi nkhani za zaumoyo, popeza mwana wa mayi amene anapita patali ndi sukulu amakhala ndi mwayi waukulu wopulumuka. Koma mndandandawu si woyenera kuyezera ntchito ya chipatala, ya boma limodzi kapena ya chaka chimodzi.

Wogwira ntchito zaumoyo akamva nambala ngati imeneyi pa msonkhano, ndi bwino afunse mafunso atatu: ziwerengerozi ndi za chaka chiti, zinawerengedwa kapena kuyerekezedwa, ndipo zikuoneka bwanji zikagawidwa m'maboma. Ayeneranso kudziwa kuti mipata imene akatswiri amadzaza ndi masamu imayambira pa malo ake a ntchito. Mlangizi wa zaumoyo amene walemba imfa ya khanda lomwalira kunyumba, wodzipereka amene wathandiza banja kulembetsa imfa kwa amfumu, mzamba amene wapereka lipoti la imfa ya mayi kuti ikaunikidwe, ndi kalaliki amene walowetsa mu DHIS2 zimene zilidi m'kaundula, ndi amene angachititse kuti zaka za moyo za Amalawi zidzachokere pa imfa zowerengedwa.