Dayisi Yogwera Kuseri kwa Katoni

Anthu asanu azungulira tebulo. Anayi ali ndi mapepala ofotokoza anthu amene akuwasewera m'nkhani: wankhondo, wakuba, wansembe ndi wamatsenga. Wachisanu wakhala kumutu, ndipo patsogolo pake waimika katoni yopindapinda yobisa zolemba zake. Masewerowa ndi Dungeons & Dragons, nkhani yake ndi Lost Mine of Phandelver, yomwe inatuluka mu 2014 kuti ongoyamba kumene aphunzirirepo. Imayamba ndi ngolo ya katundu panjira ya ku Phandalin, akavalo awiri akufa pakati pa msewu, ndi tizilombo tinayi totchedwa goblin titabisala m'thengo.

Wakumutuyo, yemwe ndi wotsogolera, waponya dayisi ya mbali 20 kuseri kwa katoni kuti aone ngati muvi wa goblin walasa. Yagwa pa 20. Zikatero malamulo amati madayisi a bala awirikizidwe, ndiye waponya awiri a mbali 6, onse agwa pa 6. Kuonjezapo 2 wa goblin, zakwana 14. Wamatsenga uja mphamvu zake za moyo ndi 7 basi, ndipo bala lotere limapha pomwepo, popanda mpata woti anzake amutsitsimutse. Mwini wake anachezera dzulo kumuganizira dzina, kwawo ndi chimene chinamuchotsa pakhomo pa makolo. Masewero angotha mphindi khumi.

Palibe waona madayisiwo. Wotsogolera akhoza kungonena kuti muvi wapyola pambali pa khutu, nkhani n'kupitirira.

Luso lonse la wotsogolera limayesedwa pa kamphindi aka. Pa bawo njomba zonse zili poyera, ndipo wobera amagwidwa ndi oonerera asanamalize n'kutakata komwe. Pano zinthu n'zosiyana. Munthu mmodzi ndiye mwini dziko lonse la m'nkhani: amalankhulira adani, amadziwa chili kuseri kwa chitseko chilichonse, ndiponso ndiye woweruza pakabuka mkangano. Akafuna kupha anthu onse anayi, angotulutsa chinjoka m'phanga. Mphamvu sizingafanane patebuloli, ndipo palibe amayembekezera kuti zifanane. Chimene osewera amafuna n'chakuti zosankha zawo zikhale ndi zotsatira zenizeni.

Udindowu unachokera kwa asilikali. Mu 1824, ku Prussia, Georg von Reisswitz anaonetsa akuluakulu a nkhondo masewero a pamapu otchedwa Kriegsspiel. Mbali ziwiri sizinkaona asilikali a anzawo. Zinkapereka malamulo kwa woweruza, iye n'kumauza aliyense zokhazo zimene maso a asilikali ake akanaona. Mu 1876 Julius von Verdy du Vernois analimbikitsa kuti woweruza wodziwa nkhondo azigamula ndi nzeru zake m'malo motaya nthawi ndi mindandanda ya manambala. Masewero anafulumira, koma zonse zinatsamira pa chinthu chimodzi: kuti osewera akhulupirire kuti woweruzayo alibe mbali.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ku Minnesota, David Wesely anakonza Braunstein, momwe wosewera aliyense anatenga munthu mmodzi wa m'tauni m'malo mwa gulu la nkhondo. Dave Arneson, mmodzi wa osewera ake, anapitiriza nzeruyi mu Blackmoor, ndipo mu 1974 iye ndi Gary Gygax anatulutsa Dungeons & Dragons. Woweruza uja anasenza ntchito yachiwiri, ya wokamba nthano. Apa ndiye pali gwero la vuto. Woweruza sayenera kukhala ndi chofuna pa mathero a mlandu, pamene wokamba nthano amafunitsitsa kuti ithe bwino.

Gygax anaonetsa mbali yolimba ya ntchitoyi mu Tomb of Horrors, imene anaiseweretsa pa msonkhano wa Origins mu 1975 n'kuisindikiza mu 1978. M'manda amenewa muli nkhope yobiriwira ya chiwanda yosemedwa pakhoma, kukamwa kuli yasa, mkati muli bii. Wolowamo amafafanizika, osabweranso. Ambiri amati nkhaniyi ndi yankhanza, ndipo sakunama. Komabe ili ndi chilungamo chake: msamphawo unalembedwa osewera asanafike, ndipo susuntha. Wochenjera amene wayamba wapisamo ndodo amapulumuka chifukwa cha nzeru zake.

Tsono taonani wotsogolera wachifundo amene wakonza chimphona choti osewera akumane nacho. Afika pamphambano, akambirana kwa mphindi makumi awiri, asankha njira ya kumanzere, apeza chimphona. Akanapita kumanja akanachipezanso, poti mwini wake amangochinyamula kukachiika kumene alowera. Palibe wafa, aliyense wasangalala, koma kukambirana konse kuja kunali kwachabe. Poyerekeza ndi Gygax, wachifundoyu ndiye walanda osewera chinthu chachikulu.

Kusintha dayisi mobisa kuli m'gulu lomweli, ngakhale kuti ochita zimenezi ali ndi zifukwa zomveka. Amati anthu asiya ntchito zawo, ena akwera mabasi awiri, kudzasangalala; n'chifukwa chiyani kapulasitiki kogubuduzika kawonongere munthu tsiku? Ngakhale mabuku ena a otsogolera amavomereza kuti katoni ija imapereka mpata wotere. Koma chinsinsi cha patebulo sichikhalitsa. Osewera amazindikira kuti adani amaphonya nthawi zonse zinthu zikafika pothina. Akangozindikira, mantha amatha, ndipo chipambano chilichonse chimasanduka mphatso. Choipa kwambiri chimabwera tsiku limene wina wafadi. Sanena kuti dayisi yamukana. Amafunsa chifukwa chake mnzake anapulumutsidwa mwezi watha koma iye ayi, ndipo funsolo lilibe yankho labwino.

Mu July 2018, oonera Critical Role, pulogalamu ya pa intaneti imene Matthew Mercer ankatsogolera pa nthawiyo, anaona Mollymauk, munthu wa Taliesin Jaffe, akuphedwa pomenyana ndi gulu la ogwira akapolo. Anali wokondedwa kwambiri, ndipo oonera ena anakwiya. Mercer nayenso amaponya kuseri kwa katoni, ndiye akanatha kupeza kanjira komupulumutsira. Sanatero. Jaffe anabwerera ndi munthu watsopano, Caduceus Clay, ndipo imfa ija inalondola gululo mpaka kumapeto kwa nkhani yawo. Inalemera chifukwa onse patebulo anadziwa kuti inali yeniyeni.

Olemba masewero ena anangochotseratu yeserolo. Mu Apocalypse World ya Vincent Baker, ya mu 2010, osewera ndiwo amaponya madayisi awiri a mbali 6, poyera. Zikakwana 10 kapena kuposa, zayenda. 7 mpaka 9, zayenda koma pali mtengo wake. 6 kutsika m'munsi, wotsogolera ndiye anena tsoka limene lagwa. Bukulo limamuletsanso kukonzeratu mathero. Naye amadikira kuona chimene chichitike, ngati wina aliyense.

Sikuti aliyense ataye katoni yake. Mapu ndi zinsinsi za nkhani ziyenera kubisika, apo ayi palibe chodabwitsa. Chosayenera kubisika ndi pangano. Magulu ambiri masiku ano amayamba ndi tsiku longokambirana, ndipo buku la Tasha's Cauldron of Everything la mu 2020 linalemba mwambowu ngati uphungu kwa otsogolera. Pamenepo amagwirizana ngati anthu a m'nkhani angafe ndi tsoka la dayisi, ndi nkhani ziti zimene wina safuna kuzimva. Ena amaika pakati pa tebulo khadi lolembedwa X, nzeru ya John Stavropoulos: waligwira, chinthucho chimachotsedwa, ndipo safunsidwa chifukwa. Amene anakulira pa nthano za madzulo akudziwa kuti wokamba sapita patali ngati omvera asiya kuvomera kuti “tili tonse”. Patebulo la masewerowa omverawo alinso ndi anthu awo m'nkhanimo.

Wotsogolera uja, madayisi ake awiri ali pa 6, akanakhala ndi poyambira akanakambirana zimenezi. Gulu likanagwirizana kuti ongoyamba safa pa tsiku loyamba, akananena poyera kuti wamatsenga wakomoka, goblin akumukokera kuphanga, anzake amulondole. Ngati anagwirizana kuti dayisi ikagwa yagwa, atukule katoniyo onse aone, apatse mwini wake mpata wonena mawu otsiriza a munthu wake, kenaka amupatse pepala latsopano ndi pensulo. Kuphanga la goblin kuli mkaidi, Sildar Hallwinter, ndipo palibe choletsa kuti pambali pake pakhale womangidwa wachiwiri amene akudikira kumasulidwa.